Kusankha mbewu zoyanga pa chisakasa m'madera ozizira a Blantyre ndi Limbe

Mabanja ambiri a ku Bangwe, Chigumula, Ndirande, Chilomoni ndi Machinjiri ali ndi malo ochepa kwambiri pakhomo. Munda weniweni palibe, koma pamwamba pa bwalo, pa khola la nkhuku kapena pa nazale pamakhala mpata umene mbewu yoyanga ingagwiritse ntchito. N'chifukwa chake chisakasa cha mizati ndi waya, chimene ena amangochitcha thandala, chikuoneka m'makomo ambiri. Funso limene alangizi amakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti, ndi mbewu iti imene ingafunditse chisakasa msanga. Yankho lake ndi losavuta, pakuti shushu ndiye amathamanga kuposa zonse. Koma mlimi amene wagula mizati, waya ndi misomali safuna masamba a mu Febuluwale okha. Amafuna mthunzi mu Okutobala pamene dzuwa likuswa mtengo, ndipo amafuna kuti dzuwa lilowe mu Juni ndi Julayi pamene chiperoni chafika. Mbewu yoyenera ndi imene masamba ake amagwirizana ndi nyengo ziwirizi, pamalo pamene mlimiyo akukhala, komanso ndi madzi amene angakwanitse kuthirira.

Kuzizira kwa kuno ndi kwa mtundu wake

Pakati pa mzinda wa Blantyre pali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Limbe, Chigumula ndi Bvumbwe, kumene kuli siteshoni ya boma yofufuza za zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndi okwera kuposa pamenepo, pomwe Chileka ili m'munsi, pa mamita osafika 800. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma mbewu zimakumva. Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Limbe ndi ku Bvumbwe umazizira mpaka pafupi ndi madigiri 10, ndipo mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imabweretsa chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni chimatha kukhala masiku angapo osachoka, masamba n'kukhala onyowa usana wonse.

Chisanu chowauka masamba sichichitika kawirikawiri mumzinda, kupatula m'madambo ndi m'zigwa momwe mphepo yozizira imasonkhana usiku. Choncho mdani wamkulu wa mbewu yoyanga kuno si kuzizira kokha. Ndi chinyezi cha pamasamba m'miyezi yozizira, chimene chimadyetsa matenda, kenaka chilimwe chachitali. Mvula ya Blantyre imakhala pafupifupi mamilimita 1,100 pa chaka, koma pafupifupi yonse imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo.

Apa m'pamene malangizo ochokera kunja amasocheretsa. Ku Britain ndi maiko ena a chipale, anthu amafunditsa zisakasa zawo ndi duwa loyanga lotchedwa Clematis montana, lochokera kumapiri a Himalaya. Amalisankha chifukwa limapirira kuzizira koopsa, limayoyola masamba m'nyengo ya chisanu, ndipo limaphuka ndi mphamvu kukayamba kufunda. Malawi ali ndi mitundu yake ya kutchire ya duwali, monga Clematis brachiata ndi Clematis simensis, imene imayanga m'mphepete mwa nkhalango za kumapiri, ya maluwa oyera onunkhira ndi njere zokhala ndi ubweya. Ikhoza kuyanga pa chisakasa, koma sidyedwa, ndipo utomoni wake umayabwa pakhungu. Kwa banja limene likufuna ndiwo kapena kangachepe kuchokera pa malo ochepawa, phindu lake ndi lochepa. Chimene chili chofunika kutengapo ndi nzeru ya alimi a kumeneko, yoyang'ana nthawi imene mbewu ikhale ndi masamba ndi nthawi imene ikhale yopanda.

Magalagadeya: ofiirira kumtunda, achikasu kumunsi

Magalagadeya ndiwo amakhala ndi masamba chaka chonse ngati akuthiriridwa, ndiponso ndiwo ali ndi msika wodalirika ku Limbe, ku Blantyre ndi m'mbali mwa msewu wa ku Thyolo. Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri, ndipo kulakwitsa posankha pakati pa iwiriyi ndi kumene kumagwetsa mphwayi alimi ambiri.

Magalagadeya ofiirira ndi a kumtunda kozizira. Amachita bwino pamalo okwera kuyambira mamita pafupifupi 1,200 mpaka 2,000, choncho Limbe, Chigumula, Mpingwe, Bvumbwe ndi m'mbali mwa mapiri a Soche ndi Ndirande ali kumalire a m'munsi a dera lawo. Zipatso zake ndi zazing'ono koma zotsekemera ndi zonunkhira. Duwa lake limatseguka m'mawa, ndipo limatha kubereka ndi mungu wa chomera chomwecho, kotero tsinde limodzi lokha pakhomo likhoza kupatsa zipatso.

Achikasu ndi a kotentha. Amakula mwamphamvu kuposa ofiirira, zipatso zake ndi zazikulu ndi zowawasa, ndipo amayenera Chileka, Lunzu ndi madera otsika kulowera ku mtsinje wa Shire. Kumtunda amakulabe, koma m'miyezi yozizira amaima, maluwa n'kuchepa. Ali ndi khalidwe linanso limene alimi ambiri salidziwa: duwa lake, limene limatseguka masana, kawirikawiri silibereka ndi mungu wa chomera chomwecho. Pamafunika masinde awiri kapena kuposerapo ochokera ku njere zosiyana, komanso njuchi zikuluzikulu zakuda zoboola mitengo, zimene ambiri amazitcha bemberezi, zonyamula mungu. Mlimi akadandaula kuti chisakasa chake chadzaza masamba ndi maluwa koma chipatso palibe, mlangizi ayambe wafunsa mtundu umene anabzala ndi kuchuluka kwa masinde, asanayambe kukamba za feteleza. N'zomvetsa chisoni kuti bemberezi zomwezi ana amazipha, akulu n'kutseka mabowo ake pa mapaso. Chipika chouma chosiyidwa pafupi ndi chisakasa chimazipatsa pokhala. Pamene zasowa, mlimi akhoza kutenga mungu ndi chala kuchokera pa duwa la tsinde lina n'kupaka pa duwa la tsinde linzake masana, tsiku lopanda mvula, chifukwa mungu ukanyowa usanagwire umaphulika.

Vuto la ofiirira lili pansi. Amagwidwa msanga ndi matenda ofota a Fusarium, amene amakhala m'nthaka n'kutseka njira za madzi m'tsinde. Chomera chooneka chathanzi chimafota m'masiku ochepa, nthawi zina mbali imodzi poyamba, ndipo tsinde likang'ambidwa mkati mwake mumaoneka mofiirira. Mankhwala ochiza palibe. Achikasu amapirira bwino matendawa pamodzi ndi nyongolotsi zing'onozing'ono zotupitsa mizu, n'chifukwa chake ku Kenya, Zimbabwe ndi South Africa alimi a malonda amamezanitsa nsonga ya ofiirira pa tsinde la achikasu. Njira imeneyi ndi yoyenera kuphunzitsidwa kwa alimi otsogola, pakuti simafuna zida zambiri: lumo loyera, kapepala ka pulasitiki komangira, ndi mbande ziwiri zonenepa mofanana ngati pensulo. Pobzala, pamene anamezanitsa pakhale pamwamba pa dothi, kutalika kwa chikhatho kapena kuposerapo. Pakakwiririka, nsonga ija imatulutsa mizu yake ndipo ntchito yonse imapita pachabe.

Matenda achiwiri ndi aja oumitsa zipatso. Chipatso chimakhala chaching'ono, chopindika, cha khungu lokhuthala ngati mtengo, mkati muli madzi ochepa, ndipo masamba amakwinyika n'kuchita mawangamawanga. Amayamba ndi vairasi yofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, ndipo zizindikiro zake zimakula m'nyengo yozizira, kotero kuno zimaonekera kwambiri pa zipatso za pakati pa chaka. Kupopera mankhwala ophera nsabwe sikuthandiza kwenikweni, chifukwa nsabwe imapatsira vairasi pongolawa tsamba kwa kanthawi kochepa, mankhwala asanaigwire. Chothandiza ndi kubzala mbande zochokera ku nazale yaukhondo, kuzula ndi kutentha tsinde lodwala, kutsuka mpeni podulira, ndi kusabzala khobwe pansi pa chisakasa, popeza vairasi imene imayambitsa matendawa kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa imakhalanso mu khobwe.

Mbande imabzalidwa pa dzenje la masentimita pafupifupi 60 mbali zonse, losakaniza ndi manyowa owolerana bwino, motalikirana mamita 3. Chisakasa cha mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali chimakwana masinde awiri. Tsinde limodzi lokha ndi limene liyenera kukwera mpaka pa waya, mphukira za m'mbali zizichotsedwa, kenaka nsonga idulidwe kuti nthambi zifalikire pamwamba. Zipatso zoyamba zimabwera pakati pa miyezi 6 ndi 9 chibzalire, ndipo chipatso chimapsa patatha masiku 70 mpaka 80 duwa litagwira. Chakupsa chimagwa chokha, kotero pansi pa chisakasa pazikhala posesa.

Pali chenjezo limodzi lokhudza chisakasa chenichenicho. Magalagadeya amabereka pa nthambi zatsopano zokha. Pa waya umodzi wa m'munda kudulira n'kosavuta, koma pa denga lathyathyathya nthambi zatsopano zimakwera pamwamba pa zakale, pansi n'kutsala chiunjiko cha masamba ouma chimene chimasunga chinyezi cha chiperoni. Mmenemo ndi momwe matenda a madontho ofiirira a pamasamba ndi pazipatso amayambira. Kamodzi pa chaka, zipatso zikatha, mlimi ayenera kuchotsa nthambi zakufa ndi zothithikana mpaka kuwala kuzioneka pansi. Ngakhale atasamalidwa chotere, magalagadeya sakhalitsa: pakatha zaka 3 mpaka 5 amafooka, ndipo pamalo pamene panafa tsinde ndi matenda ofota pasabzalidwenso ena kwa zaka zingapo.

Shushu: wothamanga, koma wa ludzu

Shushu anachokera ku Mexico ndi ku Central America, kumapiri a mvula yambiri. Amakonda kutentha kwa pakati pa madigiri 13 ndi 21, kumene kuli kofanana ndi nyengo ya kumtunda kwa Shire m'miyezi yambiri ya chaka. Kukatentha kupitirira madigiri 28 amayoyola maluwa, kukazizira kwambiri tizipatso tanthete timaonongeka. Kubzala kwake n'kosavuta: chipatso chokhwima chimene chayamba kumera chimaikidwa chathunthu m'dzenje, chopendekeka, mbali yomerayo pansi, mbali yopyapyala ikuonekera kunja. Njere yake ndi imodzi ndipo siumitsidwa ngati ya dzungu.

Wobzalidwa ndi mvula yoyamba, shushu mmodzi amatha kufunditsa chisakasa chonse cha pabwalo mvula isanathe. Amayamba kubereka patatha miyezi 4 mpaka 6, chipatso chimakhala choyenera kuthyola patangotha mwezi umodzi duwa litagwira, ndipo nsonga zanthete zimaphikidwa ngati mkhwani. Kwa banja lofuna ndiwo, palibe mbewu ina pa chisakasa yoposa imeneyi.

Komabe kwawo kwa shushu kumagwa mvula ya mamilimita 1,500 mpaka 2,000 yofalikira chaka chonse. Kuno, akapanda kuthiriridwa, amayamba kuuma mu Ogasiti, ndipo pofika Okutobala chisakasa chimakhala ndi zingwe zouma zokhazokha, nthawi yomwe mthunzi ukufunika kwambiri. Muzu wake umakhala wamoyo pansi n'kuphukanso ndi mvula, koma pamenepo miyezi yotentha yadutsa kale. Choncho shushu ndi woyenera pamene pali madzi osasowa: pafupi ndi chitsime, pa dimba, kapena pamene pamathera madzi otsukira ndiwo ndi mbale. Asabzalidwe pamene panali tomato kapena therere wotupa mizu. Kulemera kwake kusaiwalidwenso. Zipatso 100 za magalamu 300 chilichonse ndi makilogalamu 30, osawerengera masamba onyowa ndi mvula, ndipo zisakasa za nsungwi zambiri zimagwa mu Malichi chifukwa cha katundu ameneyu.

Mpesa: kalendala yake ndi yoyenera, matenda ndiwo vuto

Mwa mbewu zonsezi, mpesa ndi umene umatsata bwino zofuna za nyumba ya ku Limbe. Umayoyola masamba m'miyezi yozizira, dzuwa n'kulowa pakhonde. Ukadulidwa kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti n'kuthiriridwa, umaphuka pakangopita milungu yochepa, ndipo pofika Okutobala denga limakhala lobiriwira. Mizu yake imazama, kotero ukakhazikika umapirira chilimwe kuposa magalagadeya ndi shushu, ndipo umakhala zaka makumi angapo. Umabzalidwa ndi zodula za mfundo 3 kapena 4 zotengedwa pa nthawi yodulira.

Zovuta zake ndi ziwiri. Choyamba, umachedwa: zimatenga zaka 2 kapena 3 kuti ufunditse chisakasa. Chachiwiri, mphesa zake zimapsa mu Disembala ndi Januwale, mvula ili pakati, nthawi imene matenda a downy mildew amawaula masamba ndi kuwoletsa zipatso. Mitundu ya ku Europe ya mphesa zikuluzikulu za m'masitolo imagonja msanga ku matendawa, pokhapokha ikamapoperedwa mankhwala a kopa pafupipafupi. Mitundu yokhala ndi magazi a mphesa za ku America, monga Isabella, imapirira bwino, ngakhale zipatso zake ndi zazing'ono ndi za khungu lolimba. Nzeru yabwino kwa mlimi otsogola ndi kutenga zodula ku mpesa wakale wa m'dera lomwelo umene wakhala ukubereka popanda kupopera, kusiyana ndi kumeretsa njere za mphesa zogula.

Pofuna kuti chisakasa chisakhale chamaliseche m'zaka zoyambazo, mlimi akhoza kukweza nkhungudzu kapena kabaifa pa mizati ina. Nyemba ziwirizi zimayanga msanga, zimapirira chilimwe kuposa nyemba wamba, zimapatsa ndiwo, ndipo zimachotsedwa mosavuta mpesa ukafika pamwamba. Shushu asaphatikizidwe ndi mpesa kapena magalagadeya pa denga limodzi, chifukwa amazikwirira.

Maluwa, ndi zomera zoyenera kuzikana

Kwa sukulu, tchalitchi kapena malo ogona alendo ofuna kukongoletsa, bougainvillea ndi duwa la malalanje lotchedwa golden shower ndi odziwika kale m'mipanda ya ku Sunnyside, Namiwawa ndi Nyambadwe. Onse amapirira chilimwe, ndipo golden shower amachita maluwa m'miyezi yozizira yomweyi. Koma amalemera chaka ndi chaka, bougainvillea ali ndi minga, ndipo amafuna mizati yachitsulo kapena ya njerwa.

Pali zoyanga zina zimene mphamvu yake ndiyo vuto. Cat's claw creeper, wa maluwa achikasu ndi tizikhadabo titatu tokolowekera, komanso Madeira vine, wa masamba onenepa ndi timbatata tomera pa tsinde, ndi zomera zimene ku South Africa lamulo limaletsa kubzala chifukwa zimakwirira mitengo mpaka kuipha. Zimafunditsa chisakasa msanga ndithu, koma zikathawira ku mtsinje wa Mudi kapena m'nkhalango zimene zikubwezeretsedwa pa mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru, kuzichotsa n'kovuta kwambiri, popeza kachidutswa kotsala pansi kamaphukanso. Alangizi akapeza zomerazi pa nazale za m'mbali mwa msewu, aziwachenjeza ogulitsa.

Mbali ya nyumba, mizati ndi madzi

Blantyre ali kum'mwera kwa equator, pafupifupi madigiri 16. Mu Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, pomwe kumayambiriro kwa Novembala limadutsa pamutu penipeni. Chisakasa cha kumpoto kwa nyumba chikafundidwa ndi magalagadeya, chimatseka dzuwa lochepa lomwe likanafunditsa chipinda mu Juni, khoma n'kuyamba nguwi. Mbali imeneyo ndi ya mpesa. Kumadzulo, kumene dzuwa la madzulo a Okutobala limaotcha khoma, ndiko koyenera magalagadeya. Kum'mwera chakum'mawa kumawomba mphepo ya chiperoni, ndipo masamba a kumeneko amachedwa kuuma, choncho ndi mbali yoipa kwa mbewu zonse zogwidwa ndi matenda a chinyezi. Pa nazale ya mbande ndi pa khola la nkhuku lamulo ndi lomwelo: mthunzi wothithikana mu Julayi umatalikitsa mbande mopanda mphamvu ndipo umasiya khola lonyowa.

Mizati ya bulugamu yothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe, yonenepa masentimita 10 kapena kuposerapo, yotalika mamita 2.7, imazikidwa masentimita 60 pansi kuti denga likhale pa mamita 2, pamene munthu angafikire podulira ndi pothyola. Isatalikirane kupitirira mamita 3, ndipo ya m'ngodya ichirikizidwe. Nsungwi ndi zabwino poyala pamwamba chifukwa zimasinthidwa mosavuta, koma zikazikidwa pansi chiswe chimazimaliza m'nyengo imodzi kapena ziwiri. Chisakasa chiime pachokha, chisamangiriridwe ku mapaso a nyumba. Mphepo ya namondwe monga Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 ikagwira denga la masamba onyowa imakoka ndi mphamvu yaikulu, ndipo ikhoza kunyamula malata pamodzi ndi chisakasacho. Nthambi zolowera ku mawaya a magetsi zidulidwe zikadali zanthete.

Za madzi, mlangizi awerengere pamodzi ndi mlimi asanakumbe dzenje. Tsinde limodzi la magalagadeya lothiriridwa ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, limamwa malita opitirira 1,000. Madzi ambiri a m'mipopi ya mumzinda amapopedwa kuchokera ku Shire pa Walker's Ferry kukwera mtunda wautali, choncho si otsika mtengo, ndipo banja logula pa kiyosiki liyenera kudziwa chiwerengerochi. Kuphimbira pansi ndi udzu wouma, mosagunda tsinde, kumachepetsa kuthirira. Madzi otsukira ndiwo ndi otsukuluzira zovala ndi abwino, koma a sopo wambiri kapena a jiki amawononga mizu. Pamene madzi ali osowa kwenikweni, mpesa ndi nkhungudzu ndizo zingapirire.

Ntchito yonse imayamba miyezi ingapo mvula isanagwe. Zodula za mpesa zimatengedwa mu Julayi ndi Ogasiti. Njere za magalagadeya zimafesedwa mu Ogasiti kapena Seputembala, zimamera pakatha milungu 2 kapena 3, ndipo ngati pali kumezanitsa, za achikasu ziyambe kufesedwa kuti tsinde likhale litanenepa. Shushu wa mbewu amasungidwa pamthunzi mpaka atamera. Mizati izikidwe mu Okutobala dothi likadali louma, kuti pofika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, mvula itakhazikika, mbande ipeze chingwe chokwerera chili kale pamalo pake.